Lilime lotupa pochokera ku opareshoni si ufiti ayi

Tsiku lina pagombe pano pa Cobue ndinapeza asodzi akusoka maukonde uku akukambirana za mnzawo amene anakachitidwa opareshoni ya msana kuchipatala china chachikulu. Msana unachira, koma iye anabwera ndi lilime lotupa ndi dzino lobenthuka. Ena ankati madotolo anamumenya ali mtulo, ena nkumati ndi za kumudzi. Mkulu wina anachita kulumbira kuti iye mpeni wa kuchipatala sudzamukhudza.

Abale anga, nkhaniyi siili choncho. Munthu akapatsidwa mankhwala ogonetsa amalephera kupuma bwino payekha, choncho amamulowetsa kapaipi kudzera mkamwa mpaka kukhosi kuti mpweya uzifika m'mapapo. Chitsulo chimene amaunikira nacho kukhosi chimadutsa pafupi ndi mano apatsogolo akumtunda, ndipo dzino lobooka kapena logwedera likhoza kuthyoka.

Tsono opareshoni ya msana imafuna kuti wodwala agone chafufumimba, nthawi zina kwa maola angapo. Nkhope ikaloza pansi, lilime limatsetserekera pakati pa mano, milomo imapanikizika ndi kapaipi kaja, magazi sayenda bwino, basi kutupa kwayamba. Ife tikagonera mkono timatembenuka tokha, koma munthu wogonetsedwa samva kanthu. Nchifukwa chake ogonetsa amaika chofewa pakati pa mano, amasamiritsa mutu bwino, ndipo amayang'ana nkhope pafupipafupi.

Nanga inu mbali yanu ndi iti? Kaya akutumizani ku Metangula, kuchipatala chachikulu cha Lichinga, kapena mwaoloka nyanja kupita ku St Peter's pa Likoma, uzani adotolo opareshoni isanachitike ngati muli ndi dzino logwedera, mano oikirira, zilonda mkamwa, kapena ngati mumavutika kuyasamula. Musachite manyazi. Akati musadye kwa maola 6, mverani, chifukwa nsima ikabwerera muli mtulo ikhoza kulowa m'mapapo.

Mukadzuka, kukhosi kukhoza kuwawa masiku awiri kapena atatu, ndipo mabala ang'onoang'ono amkamwa amapola okha. Koma lilime likatupa mpaka kupuma kapena kumeza kukuvuta, odikirira wodwala aitane anamwino nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

Msodzi uja lero akupalasa bwato lake ngati kale. Akanaopa mpeni, bwenzi akadali pamphasa.