Kutseka khomo la switch kumateteza makompyuta a ku Nsefu

M'dera la Mfumu Yaikulu Nsefu, m'boma la Mambwe, intaneti yafika m'malo ogona alendo odzaona nyama za mu South Luangwa National Park ndiponso m'maofesi ena. Kulikonse kumene makompyuta angapo alumikizidwa pamodzi, pamakhala kabokosi kochedwa switch, momwe mawaya onse amalowa. Uthenga wocoka pa kompyuta imodzi kupita pa ina umadutsa m'kabokosi kameneka. Motero munthu amene walanda ulamuliro wa switch angathe kuwerenga uthenga wa ena, kuupatutsa, kapena kuimitsa nchito yonse.

Nsefu ili pa mtunda wa makilomita opitirira 100 kucokera ku Chipata, ndipo m'nyengo ya mvula misewu ya m'cigwa ca Luangwa imadzala matope. Cifukwa ca ici, katswiri wa makompyuta amakonda kukonza switch ali kutali, kudzera pa intaneti. Khomo limene katswiriyo amalowera ndi lomwenso mbala imafuna.

Pali njira zingapo zolamulira switch uli kutali. Yakale ndi Telnet, imene inayamba m'caka ca 1969 ndipo imadzera pa khomo nambala 23. Telnet imatumiza dzina ndi mau acinsinsi osabisa, kotero kuti wina wochera khutu pakati angawawerenge. Mu 1995, Tatu Ylönen wa ku Finland anapanga SSH, pambuyo poti mbala zinaba mau acinsinsi pa yunivesite yake. SSH imadzera pa khomo nambala 22 ndipo imabisa zonse zimene zikutumizidwa. Cofunika ndi kuzimitsa Telnet ndi kusiya SSH yokha, makamaka mtundu wake waciwiri.

Njira ina ndi SNMP, imene imauza katswiri m'mene switch ikugwirira nchito. Mitundu yake iwiri yoyamba imadalira liu limodzi lolowera, ndipo makina ambiri akhala akucoka ku fakitale ndi mau akuti “public” ndi “private”, odziwika kwa mbala iliyonse. Mtundu wacitatu, SNMPv3, umatsimikiza amene akulowa ndi kubisa uthenga. Kumene SNMP siigwiritsidwa nchito, ndi bwino kuizimitsiratu.

Ngozi imeneyi inaonekera mu 2016, pamene pulogalamu yoipa yochedwa Mirai inalanda makina masauzande ambiri padziko lonse. Inali kungogogoda pa khomo la Telnet ndi kuyesa mau acinsinsi a ku fakitale pafupifupi 60. Pulogalamu yotere siyang'ana ngati makina ali mu mzinda kapena m'thengo. Imayesa khomo lililonse limene yapeza pa intaneti. Zambia nayo siili kutali ndi mbala zotere: mu May 2022, gulu la Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia.

Mwini ofesi kapena malo ogona alendo safunika kukhala katswiri kuti afunse mafunso oyenera. Kodi mau acinsinsi a ku fakitale anasinthidwa? Kodi wanchito aliyense ali ndi dzina lake lolowera, limene limafafanizidwa akasiya nchito? Kodi switch inauzidwa makompyuta ocepa okha amene iyenera kumvera? Kodi intaneti ya alendo inalekanitsidwa ndi ya mu ofesi? Kabokosi kenikeniko kayeneranso kukhala m'kabati yokhoma, popeza munthu woima pafupi nako angalowetse waya ndi kusintha zonse.

Lamulo la Data Protection Act la 2021 limalamula onse osunga mbiri ya anthu, monga manambala a mapasipoti ndi a makadi a ku banki, kuti aiteteze. Madzi akatayika saoleka: mbiri ya mlendo ikabedwa siibwereranso, ndipo dzina la malowo limaonongeka pamodzi nayo.