Aperekezi a M'kati mwa Selo

Anzanga, m'selo imodzi ya thupi lathu muli ulusi wa DNA wotalika pafupifupi mamita 2. Kuti ukwane m'kamalo kosaoneka ndi maso, ukulungidwa pa timaproteni totchedwa histone, tokhala m'magulu a 8, monga ulusi wosokera pa kamtengo kake.

Koma histone ngwaphuma. Akasiyidwa yekha angomatirira DNA paliponse, ndipo ziwirizi zipotana kotero kuti sizingagwirenso nchito. Nchifukwa chake pali maproteni ena omperekeza. Mmodzi ndiye ASF1: agwira histone H3 ndi H4, nawapereka kwa mnzake CAF-1, amene awakhazika bwino pa DNA yatsopano pamene selo iri kukonzekera kugawika. Akatero achoka, monga operekeza mkwatibwi sakhalira m'nyumba ya eni ukwati.

Mperekezi woyamba kudziwika anampeza Ronald Laskey ndi anzake ku Cambridge mu 1978, m'mazira a chule wa kuno ku Africa. Taonani kumene nzeru ibisala! Tsopano zidziwika kuti CAF-1 akasowa m'selo ya munthu, kupanga DNA yatsopano kuima, ulusi uduka-duka, ndipo selo ija ifa.