Nyimbo zakale zinandipachika ku Senga Bay

Okutobala akafika, Lilongwe amasanduka ng'anjo ndipo aliyense amene geni yamuyenderako maso amakhala kunyanja. Inenso chaka chatha ndinatseka okala yanga Loweruka m'mawa n'kutengana ndi mayi a kunyumba, ulendo wa ku Salima. Kuchoka pa boma kukafika ku Senga Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Tinali titakwanitsa zaka 25 tili pa banja, choncho ndinafuna kuti madzulo amenewo akhale apadera.

Ndinakonzekera ngati mayeso a Fomu 4. Sabata yathunthu ndinkalemba nyimbo zakale pa pepala, kenaka ndinakapatsa anyamata oika nyimbo m'mafoni aja. Kale ntchito imeneyi inkafuna kaseti ndi bolopeni yobwezera tepi kuti mabatire asathe. Lero ndi mphindi zisanu basi.

Dzuwa litalowa kuseri kwathu, tinakhala pa mchenga moyang'anana ndi chilumba cha Namalenje. Nyali za asodzi a usipa zinayamba kundanda pa madzi ngati tauni. Ndinayatsa ka sipika.

Yoyamba inali ya Don Williams. Ife amene tinakula MBC ili wailesi yokhayo m'dziko muno, chikondi tinachiphunzira kwa iyeyu ndi Jim Reeves, ngakhale Chizungu chake tinkangomvapo mwa apo ndi apo. Ine ndayamba kale kugwedeza mutu, koma mayi ali duu.

"Kodi bambo, imeneyi munkamvera ndi yani? Chifukwa ndi ine ayi."

Malovu anauma. Zinali zoona. Kaseti ya Don Williams ndinaigula tisanadziwane, ndipo amene ndinkamvera naye anali wina. Ine ndinali nditaiwala, kapena tinene kuti ndinkadziiwalitsa. Eti amayi amadziwa bwanji zinthu zotere?

Mofulumira ndinadumphira kwa Allan Namoko, katswiri wosaona wa ku Thyolo yemwe anatisiya mu 1995. Ndinati banjo ya Chimvu River Jazz Band siingakhumudwitse munthu. Tsoka ilo, inalira ndi "Ana Osiidwa". Mayi a kunyumba analera ana atatu a malemu mkulu wawo m'zaka zimene Edzi inkakolola anthu ngati chimanga. Ndinangoona akupukuta m'maso ndi chitenje.

Apa ndiye pamene ambirife timaphonya. Nyimbo zathu zakale zimakoma m'khutu, miyendo n'kumayabwa, koma tcherani khutu ku mawu ake: umasiye, mitala, nsanje, mwamuna wotchona ku Joni. Oimba athu ankavinitsa anthu ndi madandaulo. Inu ana a sukulu amene mwayamba kutola nyimbo za makolo anu pa intaneti, muziyamba mwaimva yonse mpaka kumapeto musanakaiyikire mwana wa eni.

Yotsatira pa mndandanda inali "Mabala" ya Lucius Banda. Ndinaiyikamo chifukwa inatigwedeza tonse nthawi ya kusintha kwa ndale, koma ndinaidumpha isanayambe. Si yachikondi ndi pang'ono pomwe. Komanso Soja anamwalira mu Juni 2024, ndipo Sand Music Festival imene anayambitsa inachitikapo kangapo pa gombe lomweli la Senga Bay. Maliro awiri usiku umodzi akanachuluka.

Tinakhala chete nthawi ndithu, kumangomva mafunde. Mumtima ndinali nditayamba kuwerengera ndalama ya chipinda ndi ya minibasi imene yapita m'madzi.

"Tabweretsani foniyo kuno," anatero mayi.

Anafufuza okha mpaka anapeza "Linny Hoo" ya agogo Giddes Chalamanda, ija anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020 kenaka n'kufalikira dziko lonse lapansi pa TikTok. Pa pepala langa panalibe. Inalowa ngati basera la anyamata aja. Ndinafuna kuwauza kuti agogowo anapekera mwana wawo wamkazi, osati chibwenzi, koma ndinagwira pakamwa.

"Mwaiwala? Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, tinkavina imeneyi pabalaza ndi ana, inu mutamanga chitenje changa m'chiuno."

Ndinakumbuka. Geni inali itaima, m'nyumba ndiwo zinali bonya tsiku ndi tsiku, koma tinkaseka mpaka aneba kugogoda.

Mayi anadzuka, n'kusasa mchenga, n'kundikoka dzanja. Tinaibwereza kanayi mpaka batire ya sipika inatha.