Mtundu wanu amaulemba pakhonde

Ntchito yanga ndi yofufuza za chiwerengero cha anthu: obadwa, omwalira ndi osamuka. Koma wina akangodziwa zimenezi, kaya m'minibasi kaya pamaliro, za obadwa safunsa. Amatsitsa mawu n'kuti, "Achimwene, tatiuzani zoona, mtundu wochuluka m'Malawi muno ndi uti?"

Za m'buku n'zosabisa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni. Pa anthu 100 alionse, Achewa anali pafupifupi 34, Alomwe 19, Ayao 13, Angoni 10, Atumbuka 9, ndipo otsalawo anali Asena, Amang'anja, Anyanja, Atonga, Ankhonde, Alambya, Asukwa ndi ena. Chimene ambiri sadziwa ndi mmene manambalawa amabwerera. Palibe amene amakuyezani magazi kapena kufunsa kwa amfumu. Wolemba kalembera amafika ndi tabuleti yake, mumamupatsa mpando pakhonde, ndipo amene wapezeka pakhomo amayankhira banja lonse, ndi khanda la kumbuyo lomwe.

Tsono taganizani za mwana amene bambo ake ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, mayi ake Mchewa wa ku Dowa. Kwa Atumbuka mwana ndi wa kuchimuna, poti analowola. Kwa Achewa ndi wa kuchikazi, mbumba ya amalume ake. Onse akumulimbirana. Mukatembenuza, bambo Mchewa mayi Mtumbuka, mwambo wa mbali iliyonse ukumukankhira kwinako. Ku Ndirande ndi ku Area 25 mabanja otere ali mbwee, ndipo chimene chilembedwe chimadalira ngati pakhomo panali bambo kapena mayi tsiku limenelo.

Mndandanda wa mayankho nawo umasuntha anthu. Mu 2008 Anyanja anali pafupifupi 6 pa 100, koma mu 2018 sanakwane 2. Sikuti kunagwa mliri. Mu 2018 Amang'anja anawerengedwa paokha ndipo anapitirira pang'ono 3 pa 100. Anthu ake ndi omwewo a ku Chikwawa ndi madera oyandikira, angopatsidwa mzere wawo.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ine ndi nkhani ya Alomwe. Kalembera wa 1998 anafunsa chiyankhulo cha panyumba, ndipo Chilomwe chinatchulidwa ndi anthu osakwana 3 pa 100. Patapita zaka khumi funso linali la mtundu, ndipo Alomwe anatuluka pafupifupi 18 pa 100. Ndamvapo ena akunong'ona kuti manambalawo anaphikidwa, poti ndi nthawi yomwe Bingu wa Mutharika ankalamulira komanso Mulhako wa Alhomwe unkayamba. Mwina kunyadira mtundu kunalimbitsa mtima ena amene kale ankachita manyazi kudzitchula, koma gwero lenileni la kusiyanaku ndi mafunso awiri osiyana. Gogo wa ku Phalombe akhoza kukhala Mlomwe weniweni pomwe zidzukulu zake zimangodziwa moni wa Chilomwe. N'chimodzimodzi Angoni: a ku Ntcheu amayankhula Chichewa, a ku Mzimba Chitumbuka, koma afunseni mtundu muone.

Maiko ena funsoli analithawa. Tanzania, yomwe ili ndi mitundu yoposa 120, inafunsa komaliza mu 1967. Nigeria inalichotsa pa kalembera wa 2006 pamodzi ndi la chipembedzo, poopa mkangano. Ine ndimaona kuti ife tizifunsabe, chifukwa popanda manambala mitundu yaying'ono ngati Asukwa ndi Alambya a ku Chitipa imangosowa m'mapulani a maphunziro ndi a mawailesi.

Chondidetsa nkhawa ndi andale amene amatenga manambala a mitundu n'kuwasandutsa mavoti papepala. Amaiwala kuti anthu a mtundu umodzi savota mofanana onse, komanso kuti pafupifupi theka la amene analembedwa mu 2018 anali ana osakwana zaka 18.