Masipika anayi, koma agogo sanamve kanthu

Paukwati wa mchemwali wanga kwathu ku Mlangeni, m'mbali mwa msewu wa M1 ku Ntcheu, ine ndi amene ndinapatsidwa udindo wa zokuzira mawu. Ndinabwereka masipika anayi, n'kuwaunjika pansi pakona imodzi ya holo, kumbuyo kwa tebulo la akwati.

Mwambo utangoyamba, maikolofoni inayamba kulira ngati mluzu. Okhala kutsogolo anatseka makutu, pomwe akumbuyo ankangomva phokoso lobwerera kuchokera kumalata ndi kuzipupa. Perekaniperekani ali pakati, ampulifaya inatentha n'kuzima. Madzulo agogo anandiitana: "Iwe, malangizo a ankhoswe aja anati chiyani? Ine sindinamve olo liwu limodzi." Ndinasowa poyang'ana.

Mkulu wina wokonza mawailesi pa Lizulu ndi amene anandimasulira. "Achimwene, munayipha nokha ampulifayayi," anatero. Sipika iliyonse inali ya ma ohm 8. Mukalumikiza ziwiri zotere mofanana, waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, zimakhala ma ohm 4. Ine ndinapachika zonse zinayi pakhomo limodzi, zinatsikira pa ma ohm 2, pomwe kumbuyo kwa ampulifayayo kunalembedwa kuti isapatsidwe ochepera 4. Njira yake inali yapafupi: ziwiri kumanzere, ziwiri kumanja.

Anandiphunzitsanso izi. Sipika ikwezedwe kupitirira mitu ya anthu, iweramitsidwe pang'ono kuloza mipando, chifukwa ikakhala pansi matupi a anthu akutsogolo amameza mawu. Ikhale patsogolo pa wolankhula, osati kumbuyo kwake, apo ayi maikolofoni imatolanso mawu a sipika n'kuyamba kulira kuja. Holo ikakhala yaitali, masipika awiri apite chapakati, ayang'ane kumbuyo, aziyankhula motsitsa. Mukasemphanitsa wofiira ndi wakuda pa sipika imodzi, mabesi amafooka. Waya wamtunda wautali akhale wonenepa. Ndipo ampulifaya muziyatsa pomaliza, kuzimitsa poyamba.

Pachinkhoswe cha msuweni wanga ndinalawirira, n'kumanga zonse monga anandiuzira. Ndinapatsa mwana maikolofoni kuti aziwerenga manambala, ine n'kumayenda mzere ndi mzere mpaka pakhomo, kumvetsera.

Agogo anakhala pa benchi yomalizira. Ankhoswe atanena za kupirira m'banja, ndinawaona akugwedeza mutu, kenako anayamba okha nthungululu.