Mutu 6: Maganizo a Anthu pa Zothandiza Wodwala Maganizo Kufa

Ambiri akamva kuti ku Canada dokotala amaloledwa kuthandiza wodwala kufa, amangoti basi anthu a kumeneko anamvana pa zonse. Ayi ndithu. Lamuloli linayamba mu 2016, ndipo mu 2021 analifutukula kuti likhudzenso odwala amene imfa yawo siili pafupi. Koma munthu amene akuvutika ndi matenda a maganizo okha anamusiya kaye panja. Nyumba ya malamulo inati alowe mu Malichi 2023, inasintha n'kunena 2024, kenako n'kukankhiranso ku 17 Malichi 2027.

Nanga anthu wamba amati chiyani? Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, chifukwa amatola nambala imodzi n'kuthamanga nayo. Mu Febuluwale 2023, bungwe la Angus Reid linapeza kuti pa anthu 100 aliwonse, 61 ankagwirizana ndi lamulo monga linalili, koma 31 okha ndi amene anavomera kuti lifike kwa odwala maganizo, ndipo 51 anakana. Chaka chomwecho kafukufuku wa Ipsos, amene anapempha ndi bungwe lolimbikitsa lamuloli la Dying With Dignity Canada, anapeza ovomera pafupifupi 80 pa 100 aliwonse.

Palibe ananama. Mafunso ndi amene anasiyana. La Ipsos linkanena za munthu wamkulu, wotha kudzisankhira, amene mankhwala akanika kumuthandiza, ndipo akungopempha kuti madokotala amuunike motsatira malamulo okhwima. Kufunsa mayi ngati mwana apite kumtsinje si chimodzimodzi ndi kumufunsa ngati apite ndi mkulu wake madzi ataphwera. Wowerenga kafukufuku aliyense ayambe waona funso, wafunsanso amene analipira, asanakhulupirire nambala.

Chimene chimaimitsa anthu mitu ndi mawu a m'lamuloli oti "osachiritsika". Khansa ikafalikira, dokotala amaiona pa zithunzi. Matenda a maganizo alibe muyeso wotere, ndipo kulakalaka imfa nthawi zambiri ndi chizindikiro cha matenda omwewo, chimene chimatha munthu akapeza chithandizo choyenera. Ovomereza amayankha kuti ululu wa m'maganizo si wocheperapo poyerekeza ndi wa m'thupi, ndipo kumukaniza munthu chifukwa cha dzina la matenda ake ndi tsankho.

Ku Netherlands ndi ku Belgium kuthandiza odwala maganizo kufa n'kololedwa kuyambira 2002, komabe mkangano sunathe. Mu 2023, mwa anthu 9,068 amene anathandizidwa kufa ku Netherlands, 138 anali odwala maganizo. Ku Belgium madokotala atatu anazengedwa mlandu mumzinda wa Ghent mu 2020 chifukwa cha imfa ya Tine Nys, wodwala maganizo amene anamuthandiza kufa, ndipo khoti linawapeza osalakwa.

Pamene anthu a ku Canada anamvanadi ndi pena. Angus Reid atafunsanso kumapeto kwa 2023, anthu 82 pa 100 aliwonse anati boma liyambe lakonza chithandizo cha odwala maganizo lisanafutukule lamuloli.