Manotsi ali pafoni, nanga choko chigwire ntchito yanji?

Pa Kameza, pomwe msewu wa ku bwalo la ndege la Chileka umasiyana ndi wopita ku Lunzu, m'mawa uliwonse pamadutsa ana a sukulu ochokera mbali zonse: ena wapansi, ena pakabaza, ena atapanikizana m'minibasi zolowera m'tauni. M'zikwama mwawo muli makope odzaza ndi manotsi okopera pabolodi. Ena mwa iwo, makamaka a kusekondale, manotsi omwewo ali nawo kale pafoni, ndipo anawalandira mphunzitsi asanafike n'komwe pa mutuwo.

Mu 2020 dzina la Kameza linkamveka pawailesi chifukwa cha malo osungirako odwala Covid-19. Chaka chomwecho, pa 23 Malichi, boma linatseka sukulu zonse, ndipo makalasi olemba mayeso anabwerera mu Seputembala. Maphunziro anasamukira pawailesi ndi paintaneti. Apa m'pomwe zinaonekera kuti mbali yaikulu ya zomwe timazitcha kuphunzitsa ndi kungosamutsa mawu kuchoka m'buku la mphunzitsi kupita m'kope la mwana, ntchito yomwe WhatsApp imaigwira m'kanthawi kochepa.

Tisafulumire kunyoza aphunzitsi. Chizolowezi cholemba bolodi lonse, ana n'kumakopera, kenako n'kuyankha onse pamodzi kuti "Eee!" akafunsidwa ngati amva, sichinabadwe ndi ulesi. Boma la Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a kupulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Aphunzitsi masauzande analembedwa ntchito asanapite ku koleji. Mabuku sanakwane. Munthu yemwe waima patsogolo pa ana opitirira 100, buku lili limodzi, angatani kupatula kulisandutsa bolodi kukhala buku la onse? Njirayo inapulumutsa m'badwo wathunthu. Vuto n'lakuti yakhalitsa mpaka tayamba kuiona ngati ndiyo maphunziro enieniwo.

Lero mwana wa Folomu 4 ku Machinjiri kapena ku Ndirande ali m'gulu la pa WhatsApp momwe mumayenda manotsi, mayeso akale a MANEB ndi mayankho ake. Zambiri mwa izo zilibe dzina la mlembi. Zina ndi za silabasi yakale, zina ndi za ku Kenya kapena Nigeria, zina n'zolakwika basi. Mwanayo sasowa zowerenga. Amasowa munthu womuthandiza kusiyanitsa mpunga ndi mankhusu, womufunsa kuti yankho walipezalo likutanthauza chiyani, ndipo wadziwa bwanji kuti n'loona. Mphindi 40 zokopera manotsi ndi mphindi 40 zomwe funso lotere silinafunsidwe.

Mayeso nawo ali ndi mlandu wake. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa mapepala atawanda pa mafoni, ndipo ana anakalembanso kumayambiriro kwa 2021. Tinakwiya ndi akuba mayeso, ndipo tinayenera kutero. Koma likasa limagulika kwambiri pomwe funso limangofuna kuti mwana abweze zomwe analoweza. Mphunzitsi yemwe ntchito yake imayezedwa ndi chiwerengero cha ana okhoza sangasiye kulowezetsa ngati okonza mayeso sanasinthe kafunsidwe kawo.

Pa Kameza pomwepo pali sukulu ya anamwino ndi azamba, yomwe kale inali ya Kamuzu College of Nursing, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ntchito yomwe amaphunzira kumeneko imaonetsa malire a kuloweza. Mayi wodwala akafika m'chipinda chochilira ku chipatala cha Queens sabwera ndi funso lolembedwa monga lilili m'manotsi. Namwino amayenera kuona, kufunsa, kuganiza, n'kuchitapo kanthu. Wophunzira yemwe wakhala zaka 12 akuyamikiridwa chifukwa chokhala chete ndi kukopera mwaukhondo amayenera kuyamba waphunzira kufunsa.

Boma layamba kuyesa njira ina kumakalasi oyambirira. Mu 2023 unduna wa zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko ya BEFIT, yomwe ikupereka matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, kuyambira ndi sukulu 500, cholinga chili chofikira sukulu zonse za pulayimale za boma. Mapulogalamu ake, opangidwa ndi bungwe la onebillion, amaphunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, ndipo safuna intaneti kuti agwire ntchito. Chosangalatsa si kachipangizoko ayi, koma zomwe kamachita m'kalasi: mwana aliyense amayenda pa liwiro lake, ndipo wolakwitsa amadziwa nthawi yomweyo m'malo mobisala m'mawu a anzake 99 oyankha pamodzi. Mphunzitsi amachoka pabolodi n'kumayenda pakati pa ana, kufufuza yemwe watsalira.

Kunyumba nkhani ndi ina. Foni yomwe mwana amati ndi yake nthawi zambiri ndi ya amayi ake, ndipo imapita nawo kumsika mpaka madzulo. Bandulo imapikisana ndi ndalama ya ndiwo. Magetsi akathima, batire nayo yatha. Mphunzitsi wongotumiza homuweki pa WhatsApp amagawa kalasi pawiri osadziwa, ndipo otsalawo sadandaula, amangokhala chete. Choncho bolodi silichoka msanga. Chomwe chingasinthe mawa lomwe, popanda kugula kalikonse, ndi zomwe zimalembedwapo: funso limodzi loti ana alimbane nalo m'magulu, kapena manotsi omwe wina wawapeza pafoni, kalasi yonse n'kuwafufuza ngati muli cholakwika.

Mwana yemwe anagwira tabuleti ali Sitandade 1 mu 2023, ngati sabwereza kalasi, adzalowa Folomu 1 mu 2031. Malinga ndi malamulo a sukulu zambiri za sekondale lero, akadzapezeka ndi foni adzamulanda.